Kuseri kwa chikwangwani chowala

Mayi anga anali ndi mawu amodzi amene sankawaiwala munthu akangoti odi pakhomo: "Takulandirani." Kaya m'nyumba mulibe ufa, kaya wabwerayo ndi wodzalonjerera ngongole, mawuwo ankayamba atuluka, zina zonse pambuyo. Choncho nditatsegula kamalo kanga kogulitsira zakudya ku Zingwangwa, sindinavutike kuganiza choti ndilembe pamwamba pa chitseko. Dzina la malowo lili pakhoma, lolembedwa ndi penti. Koma ndinkafuna kuti mawu a mayiwo aziwala usiku.

Malonda anga ndi a madzulo. Masana kumabwera anthu owerengeka, koma ikangokwana 5 koloko, anthu akamatsika m'maminibasi kuchokera ku Limbe ndi m'tauni, ndi pamene mapoto a nsima amayamba kutha. Miyezi ya June ndi July kumada msanga, ndiye kukagwa chiperoni, ngakhale nyumba ya tsidya la msewu simuiona bwino. Chikwangwani cha penti nthawi imeneyo chimakhala ngati palibe. Munthu wotopa, wozizidwa, amalowa pamene waona kuwala.

Mu August 2023 mwana wanga wamkazi anandionetsa zithunzi pa Facebook. Zilembo zowala zokongola, zofiira, zapinki, zabuluu, zopindika ngati zolemba pamanja. Tinalemberana ndi mnyamata wogulitsayo pa WhatsApp. Ndinamufunsa zinthu ziwiri zokha: mtengo ndi tsiku lobweretsa. Mtengowo unandikomera, moti sindinanenerere n'komwe. Iye anati, "Mami, musadandaule, ndi katundu wa original ameneyu." Patatha sabata ndi theka, wa kabaza anafika nacho chitakulungidwa m'katoni.

Usiku woyamba sindidzauiwala. Tinachikhomera pakhonde, tinalowetsa pulagi, khoma lonse n'kusanduka lofiira. Ana a m'makomo oyandikana anadzaima pamsewu n'kumawerenga mokweza chilembo chimodzichimodzi. Ine ndinalowa kukhitchini n'kukapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, chifukwa zinali ngati mayi aimanso pakhomo.

Chinawala bwino miyezi iwiri. Dzuwa la October litayamba kuwomba pakhondepo masana, bolodi yake inayamba kupindika ngati chiwaya chakale. Kachubu ka zilembo, kamene kanali koyera mbee chikazima, kanayamba kuoneka kachikasu. Mchira wa chilembo cha k unamatuka n'kumalendewera. Kabokosi kakuda ka pa waya, kaja timakatcha adaputala, kankatentha moti sungakagwire nthawi yaitali. Mvula yoyamba itagwa mu November, zilembo zapakati zinayamba kuphethira, kenako zinazimiratu. Kwa masabata atatu pakhomo panga pankawala "Taku" mbali ino, "rani" mbali inayo, pakati pali mdima. Tsiku lina magetsi atathima n'kubweranso, tinangomva fungo la pulasitiki wopsa. Basi, kunali kutha kwake.

Mnyamata uja poyamba ankayankha foni. "Ndibwera mawa, mami." Mawa lakelo silinafike, ndipo pofika Khirisimasi nambala ija inali itasiya kupezeka.

Amene anandithandiza ndi alamu anga, oyendetsa minibasi ya ku Ndirande. Anati, "Alamu, musachitaye. Pali bambo ena kuseri kwa msika, pafupi ndi owotcherera mageti, kawaonetseni kaye." Ndinapita Loweruka m'mawa nditachinyamula m'katoni yake yomwe ija. Amene amaidziwa Ndirande akudziwa phokoso la kumeneko: okhoma zidebe ndi mbaula, opala matabwa, makina odulira zitsulo. Shopu ya bambowo inali kachipinda kamodzi, thebulo lalitali, mawaya opachika pa misomali, ndi mnyamata mmodzi wophunzira ntchito. Anali munthu wa imvi, wolankhula modekha. Anayamba ntchito ngati wolemba zikwangwani ndi bulashi, kenako anakhala zaka zingapo ku Joni akugwira pa kampani yopanga zikwangwani zowala.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti kumaso kwa chikwangwanicho sanakuyang'ane n'komwe. Anangochilandira n'kuchitembenuza chafufumimba pathebulo.

"Mayi, bwerani muone kuno. Kutsogolo zonse zimafanana. Ntchito ya munthu imaoneka kumbuyo."

Anandionetsa mawaya olumikiza chilembo china ndi chinzake. Anali opyapyala ngati ulusi wosokera, ndipo ena sanawotchereredwe ndi mtovu, anangopotedwa n'kumatidwa ndi guluu wa moto. Anakanda pamfundo ina ndi chikhadabo, panatuluka zobiriwira ngati ndere. Madzi anali atalowa. Kumapeto kwa chilembo chilichonse kumayenera kutsekedwa ndi kachivindikiro ndi silikoni kuti chinyezi chisapeze njira, koma changa chinali pululu. Anapinda bolodi ija ndi zala ziwiri, n'kundiuza kuti inali ya mamilimita atatu, pamene chikwangwani chotalika chonchi, chokhala panja, chimafuna perspex, pulasitiki wolimba wooneka ngati galasi, ya mamilimita asanu kapena kuposa. Chubu chija anati ndi cha pulasitiki wa PVC, chimene dzuwa limachiumitsa n'kuchisintha mtundu; cha silikoni chimapirira dzuwa ndipo chimapindika bwino pa ngodya za zilembo.

Kenako anatenga adaputala yopsa ija, n'kuvala magalasi, n'kuwerenga timalemba ta pamimba pake. Panalembedwa 12V 2A, kutanthauza 12 volts ndi 2 amps, manambala osonyeza mphamvu ya magetsi imene adaputalayo ingapereke. Anatenga pensulo n'kuwerengera pa katoni pomwepo, ine ndikuona. 12 kuchulukitsa ndi 2, ndi 24 watts. Anayeza chubu chonse cha zilembo 13 zija ndi chingwe, chinakwana pafupifupi mamita anayi. Chubu chotere chimadya pafupifupi 10 watts pa mita iliyonse, ndiye kuti chikwangwanicho chinkafuna 40 watts. "Mwaona, mayi? Anasenzetsa mwana thumba la chimanga la munthu wamkulu. Kanayesetsa kameneka kufika miyezi itatu." Anati adaputala yoyenera imafunika ikhale ndi mphamvu yotsalako, isamagwire ntchito ili pa malire, ndiye pa chikwangwani changa pankafunika ya 5A, imene imapereka 60 watts.

Ndinakumbukira mwambi uja wakuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pa foni chithunzi cha chikwangwani chotchipa ndi cha chodula sizisiyana ngakhale pang'ono. Zonse zimajambulidwa usiku, zili zatsopano, zikuwala. Palibe wogulitsa amene amajambula kumbuyo.

Bambowo anandiuzanso chinthu china chimene sindinkachidziwa: kuti chikwangwani chowala chotere, chimene tonse tikuchitcha neon masiku ano, kawirikawiri mulibe neon m'kati mwake. Ndi timababu ting'onoting'ono ta LED tondandalikidwa pa kalamba, n'kuvekedwa chubu chofewa kuti kuwala kuoneke ngati mzere umodzi. Neon yeniyeni ndi mpweya, ndipo chikwangwani chake chimakhala cha galasi. Apa nkhope yawo inasintha, anasiya zonse n'kukhala pansi. Anandifotokozera za amisiri amene anawaona ku Johannesburg, mmene munthu amatengera chubu chagalasi chowongoka n'kuchiika pa lawi la moto mpaka chifewe, n'kuchipinda ndi manja pamwamba pa chithunzi cha chilembo chojambulidwa chobwerera m'mbuyo, uku akupemerera mpweya ndi pakamwa kudzera m'kapaipi kuti galasilo lisafwaphire pa ngodya. Ukachedwa pang'ono, galasi lauma. Ukafulumira, lapindika molakwika, uyambirenso. Akamaliza amaika tizitsulo ta magetsi kumapeto konse kuwiri, amapopa mpweya wonse wa m'kati, amatenthetsa chubucho kuti chiyere, kenako n'kulowetsamo mpweya wa neon pang'ono chabe. Neon payokha imawala mofiirira ngati makala a moto. Kuti papezeke buluu amagwiritsa ntchito mpweya wina wotchedwa argon ndi kadontho ka mercury, ndipo mitundu ina imachokera ku ufa wopakidwa m'kati mwa chubu kapena ku galasi la mtundu. Chikwangwani chotere chimayaka ndi thiransifoma yokweza magetsi kufika ma volts masauzande angapo, zina mpaka 15,000, pamene a m'nyumba zathu ndi 230.

"Chimene chija chikapangidwa bwino, mayi, chimatha zaka khumi, khumi ndi zisanu, chikuwalabe. Koma kuphunzira kupinda galasi kokha kumatenga zaka. Ine ndinkangokhoma ndi kulumikiza magetsi. Galasilo sanandilole kuligwira."

Madzulo ake ine ndi mwana wanga tinakhala pa foni n'kumawerenga za zimenezi, chifukwa zinandigwira mtima. Mpweya wa neon anautulukira ndi William Ramsay ndi Morris Travers ku London m'chaka cha 1898, ndipo dzinalo linachokera ku mawu a Chigiriki otanthauza "chatsopano". Uli mumpweya womwe timapumawu, koma wochepa kwambiri. Georges Claude wa ku France ndiye anaonetsa nyale za neon kwa anthu ku Paris mu December 1910, ndipo kuchokera pamenepo zikwangwani zotere zinafalikira m'mizinda ikuluikulu. Ma LED owala mitundu yonse amene tikuwaona lerowa anatheka chifukwa cha LED ya buluu, imene akatswiri atatu ochokera ku Japan, Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura, anaipanga kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, n'kulandira nayo mphoto ya Nobel mu 2014. Ndinaganiza kuti zaka zoposa 100 za nzeru za anthu zinadzathera pakhonde langa ku Zingwangwa, n'kuonongeka chifukwa cha munthu amene anaumira mtovu wa pamfundo ya waya.

Sindikunena kuti tonse tifunefune cha galasi. Bambo aja anandiletsa okha. Galasi kuti lichoke ku Joni, lidutse pa Mwanza, lifike lamoyo, ndi nkhani ina. Likasweka, la mercury lija ndi loopsa kulitola ndi manja, ndipo magetsi ake si oti aliyense aziseweretsa pakhonde pamene pamadutsa ana. Cha LED chimadya mayunitsi ochepa, sichitentha kwambiri, ndipo popeza chimayendera 12 volts, chimatha kuyaka ndi batire ya sola. Kwa ife a ku Blantyre kuno chimenechi si chinthu chaching'ono. Tonse tikukumbukira mmene zinalili namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, mdima umene tinakhala nawo miyezi yambirimbiri. Ndiye nkhani si yakuti galasi kapena LED. Nkhani ndi yakuti wapanga ndani, ndipo wapanga bwanji.

Atandiuza mtengo wopangira china chatsopano, mtima unagunda. Unali pafupifupi katatu poyerekeza ndi wa choyamba chija.

"Iii, bambo, chotsaniko. Zilembo zake ndi zomwezi."

Sanakwiye. Anatenga pepala n'kundilembera chimodzichimodzi: chubu cha silikoni mamita akutiakuti, perspex, adaputala, bokosi lake, waya, tizitsulo tokhomera, ntchito ya manja ya masiku atatu. Zonsezo kupatula manja awo zimachokera kunja. Ndipo nthawi imeneyo kwacha inali itangogwa kumene. Mu November 2023 inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Ndikanabwera kwa iwo mu August muja, ndikanalipira zochepa kwambiri kuposa zimene ankanenazo. Kutchipa kuja kunandidyera ndalama kawiri: ya chikwangwani chakufacho, ndi ya kukwera kwa mitengo pamene ndinkadikira mnyamata wa "mawa".

Anati, "Ndikhoza kukuchotserani, mayi. Koma mundiuze nokha pamene ndichotsepo. Pa adaputala? Pa bolodi? Chifukwa mnzangayo anachotsa ponseponse, n'chifukwa chake mwabwera kuno."

Ndinakhala chete, chifukwa mawu amenewo ndimawadziwa. Ndimawalankhula ine ndemwe pafupifupi tsiku lililonse. Munthu amalowa, n'kufunsa mtengo wa nsima ya nkhuku ya lokolo, n'kunena kuti, "Koma pamsika paja ndi yotchipa." Ndimamuyankha kuti inde ndi yotchipa, koma iye sanaone mafuta amene akazingira, kuti ndi a tsiku lachingati, sanaone madzi otsukira mbale. Zimandiwawa munthu akamayeza ntchito yanga ndi kukula kwa mtanda wa nsima basi. Tsono ine ndinali nditaima m'shopu ya mmisiri mnzanga, ndikumuchita zomwezo. Ndinapepesa. Tinagwirizana kuti ndilipira kawiri, theka poyamba, theka ntchito ikatha.

Lachiwiri lotsatira ndinapitanso, ndipo anandipatsa pepala lalikulu la khaki ndi cholembera. Anati ndilembe ndekha mawuwo mmene ndikufunira kuti azionekera. Ndinalemba kanayi. Anasankha lachitatu, n'kulikonza pang'ono pamene zilembo zinapanikizana, chifukwa chubu chili ndi malire ake opindikira. Ukachikakamiza pa ngodya yothina, kalamba ka m'kati kamathyoka ngakhale kunja kukuoneka bwinobwino. Ndinakhala pa benchi n'kumaonerera. Chubucho sichidulidwa paliponse, chili ndi timizere tosonyeza podula, ndiye ankayeza chilembo chilichonse kuti chithere pa kamzere. Akadula, ankasenda nsonga, n'kugwira kachitsulo kotentha kowotcherera, kadontho ka mtovu n'kukhala pamfundo kali ngwee ngati kambewu ka mapira. Asanapitirire ankakoka wayayo pang'ono kuti aone ngati wagwira. Mnyamata wawo anawotcherera mfundo imodzi, iwo anaiyang'ana, n'kumuuza mofatsa kuti, "Iwe, yambiranso, yachita phulusa imeneyi." Mfundo yabwino imanyezimira, yoipa imaoneka yotuwa. Mawaya onse anawadutsitsa m'timabowo kupita kumbuyo, n'kutseka nsonga iliyonse ndi silikoni. Atamaliza anachiyatsa n'kuchisiya chikuyaka usiku wonse ndi tsiku lotsatira m'shopu momwemo, kuti ngati pali chofooka chionekere kwa iwo, osati kwa ine.

Pokhoma anabwera okha. Sanachigundike kukhoma, anasiya kampata kumbuyo kuti mpweya uzidutsa ndiponso madzi asamadikhe. Waya wotsika anaupinda kaye pansi ngati ngowe asanaulowetse pabowo la khoma, kuti madzi a mvula oyenderera pa waya azidonthera pansi m'malo molowa m'nyumba. Adaputala anaiika m'kati, pamwamba, kutali ndi nthunzi ya mapoto, ndipo anandiuza kuti ndigule kachipangizo koteteza magetsi akabwera mwamphamvu, konga kaja timaika pa filiji. Anandiphunzitsanso kuwerenga manambala a IP amene amalembedwa pa katundu wa magetsi: nambala yoyamba imanena za fumbi, yachiwiri za madzi. IP20 ndi cha m'nyumba basi. Chokhala panja chiyambire pa IP65.

Pali zina zimene ndiyenera kunena kuti ndisalakwire anthu. Choyamba, kudula pakokha si umboni wa ntchito yabwino. Ndisanapite ku Ndirande ndinafunsako pa shopu ina ya m'tauni, ya magalasi ndi mipando yofewa, ndipo mtengo wawo unaposa wa bambo aja. Nditafunsa kuti chubu chake ndi cha mtundu wanji, wondilandirayo sanadziwe, ndipo sanalole kuti ndione kumene amapangira. Mwina ntchito yawo ndi yabwino, koma ndalama zina pamenepo ndikanalipirira lendi ya malowo. Chachiwiri, chotchipa chili ndi malo ake. Mwana wa achemwali anga anagula chotere cha pa chinkhoswe chake, chinawala bwino tsiku limenelo, pano chili kuchipinda kwake kumene kulibe dzuwa kapena mvula, ndipo chikuyakabe. Pa ntchito imeneyo sakanafunika kuwononga ndalama zambiri.

Ngakhale mnyamata uja sindimutenga ngati wakuba. Ndikuganiza kuti nayenso ankangoitanitsa kapena kulumikiza mmene anaonera pa intaneti, osadziwa kuti 2A ndi 5A zimasiyana pati. Ntchito zikusowa, achinyamata akuyesa chilichonse. Chimene anandilakwira ndi kuzimitsa foni. Koma nanenso sindinamuuze kuti ndikachikhoma panja, sindinafunse kuti shopu yake ili kuti, sindinapemphe kuona chimene anapanga chaka chatha. Safunsa anadya phula. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti tikamathamangira mtengo wotsika tonsefe, amisiri ngati bambo a ku Ndirande aja amatsala opanda ntchito, ndipo mnyamata amene akuphunzira kwa iwo adzaona kuti kuwotcherera mfundo kawiri n'kutaya nthawi. Mzinda uno unamangidwa ndi anthu a manja, a ku Ndirande, a ku Bangwe, a ku Chilomoni. Luso likasowa wolilipira limafa mwakachetechete, ndipo tidzazindikira tsiku limene tidzasowe wotikonzera chinthu.

Anzanga a saluni ndi a mabala akamandifunsa, ndimangowauza kuti apite ndi maso awo, akachitembenuze, akawerenge pa adaputala, ndipo akafunse funso limodzi: chilembo chimodzi chikazima, mudzabwera?

Changa chinazimapo kamodzi. Munali mu February, mvula itagwa masiku atatu osalekeza, kadontho ka pa i womaliza kanasiya kuyaka. Ndinaimba foni m'mawa. Cha m'ma 3 koloko mnyamata wophunzira uja anatsika minibasi ali ndi kachikwama ka zida, anakwera pa mpando, anamasula, anawotcherera, anatsekanso ndi silikoni. Nditafunsa kuti ndi zingati, anati abwana ake amuuza kuti asalandire kanthu. Ndinamukhazika pansi n'kumupakulira nsima ya chambo, ndipo anadya akuyang'anayang'ana pakhonde, kudikira kuti kude aone ngati kadontho kake kayake.